Tebulo la pakati pa ligi lisatidyere ndalama

Loweruka lililonse madzulo, m'malo oonetsera mpira pa Chileka ndi pa Lirangwe, mkangano umakhala womwewo: pakati pa Maule ndi Manoma, akatswiri ndani? Wina amangotulutsa foni n'kuloza tebulo la ligi, ati nkhani yathera pomwepo. Kukadakhala kucheza chabe sitikadalankhulapo. Koma masiku ano anyamata, ngakhalenso abambo apabanja, akubetcha ndalama ya chimanga ndi ya fizi potengera tebulo lomweli.

Ligi yaikulu ya dziko lino ili ndi matimu 16, ndipo timu iliyonse imasewera magemu 30, kukumana ndi inzake iliyonse kawiri, pakhomo ndi koyenda. Ligi ikatha tebulo silinama, poti onse amakhala adutsa njira imodzi. Koma pakatikati zinthu sizikhala choncho. Timu ina imakhala yatola mapointi pa matimu ongolowa kumene m'ligi, ikusewerera pakhomo, pamene inzake yakhala ikugwedezeka m'basi mumsewu wa M1, kudutsa pa Lirangwe pomwepa, kukasewera ku Mzuzu ndi ku Karonga. Ina imatsalira ndi magemu awiri kapena atatu kaamba ka mipikisano ya CAF. Zikatero, ya mapointi 17 ikhoza kukhala yoopsa kuposa ya mapointi 20.

Palinso masamu ena okoma m'kamwa: ife timu yakuti tidaithibula 3-0, inu mudafanana nayo mphamvu, ndiye tikuposani. Kuyang'ana matimu omwe onse awiri akumana nawo n'kwanzeru ndithu kusiyana n'kungowerenga mapointi, koma gemu imodzi si umboni. Pa World Cup ya 2022 ku Qatar, Saudi Arabia idagonjetsa Argentina 2-1, kenaka Poland idakwapula Saudi Arabia 2-0. Mwamasamu amenewa Poland ikadayenera kudya Argentina osatafuna. Zitakumana, Argentina idapambana 2-0, n'kupitirira mpaka kutenga chikho. Amene adabetcha mbuzi tsiku limenelo adaiona ikupita.

Ku America, m'ligi yaikulu ya masewero a baseball, timu imasewera magemu 162 pachaka koma matimu sakumana kofanana, choncho akatswiri kumeneko amawerengera mphamvu za omwe timu yakumana nawo asanaitame. Ngati iwo ndi magemu ochuluka chotero sakhulupirira mapointi okha, nanji ife patangotha magemu 8?

N'chifukwa chake tikupempha bungwe la Sulom, mawailesi komanso ife tomwe a nyuzipepala kuti potulutsa tebulo tizionetsanso magemu omwe timu yasewerera pakhomo, omwe yasewerera koyenda ndi omwe yatsala nawo. Okonza maligi ang'onoang'ono a ku Chileka ndi ku Lirangwe nawonso azilemba ndondomeko yonse ya magemu mpikisano usadayambe, n'kuipachika poyera, kuti timu iliyonse ione kuti iyenda maulendo ofanana ndi a inzake.