Ola limodzi la ganyu si nchito

Pa pulogalamu yathu ya pa wailesi tikafunsa kuti ndani ali pa nchito yolandila kumapeto kwa mwezi, mafoni amakhala zii. Tikangochula kaloba, amalila mpaka nthawi kutha. Koma ziwelengelo za Zambia Statistics Agency zinaonetsa kuti mu 2023 malova anali pafupifupi 12 cabe pa anthu 100 amene anali pa nchito kapena anali kuisakila. Nanga anzathu onse aja a ku Kanyama ndi ku Chawama anawaika kuti?

Nkhani ili pa kawelengedwe. Ukagwila ganyu yolipilidwa ngakhale ola limodzi pa mlungu, umawelengedwa kuti uli pa nchito. Wokankha wilibala pa Soweto Market ali pa nchito. Mtsikana wogulitsa tomato pambali pa mseu nayenso ali pa nchito. Ndiye cifukwa cake bungwe lomwelo lingatiuze kuti ulova ndi wocepa, kenaka n'kutiuzanso kuti mu 2022 anthu 60 pa 100 anali osauka, kucoka pa 54 mu 2015. Sananame, koma ciwelengelo coyambaco ndico andale amakonda kuchula.

Bodza lake limaonekela pa kiliniki. Wolembedwa nchito amadulidwa 1 peresenti ya malipilo kupita ku NHIMA, abwana naonso amaikapo 1 peresenti. Nchito ikatha zopeleka zimaima, ndipo pakapita nthawi khadi ija imangokhala cokongoletsa cikwama. Inde, wodzigwilila yekha angalembetse n'kumalipila yekha, koma azilipila mwezi ndi mwezi ndi ndalama ya ganyu imene ibwela lelo, mawa ayi?

Ena adzati kuonana ndi dokotala pa kiliniki ya boma n'kwaulele kuyambila 2012. N'zoona, ndipo tiyamikila. Koma mankhwala akasowa umapatsidwa kapepala kuti ukagule wekha. Tsiku limene waima pa mzele kucokela m'mamawa, kantemba kali kotseka ndipo kunyumba sadya. Ambili a ife timameza Panado n'kupita kukasakila, mpaka matenda atakula. Pamenepo timagulitsa foni, timadya mpamba, timapita kwa wa kaloba.

Tifuna kuti ciwelengelo ca ulova cikamalengezedwa, pambali pake pazikhala cina: pa anthu amene mwati ali pa nchito, ndi angati angadwale mlungu umodzi osagulitsa katundu wa m'nyumba? Aphungu athu akabwela ku situdiyo, funso loyamba lidzakhala limeneli.