Dontho la magazi ndi tochi ya foni

Malume anga adakhala ndi chilonda m'mbali mwa lilime kwa miyezi isanu. Ankati ndi dzino lothyoka likuwacheka. Adachukucha madzi a mchere, adapaka jivi, koma fodya wa chingambwe osamusiya. Pomwe tinkapita nawo kuchipatala n'kuti nsima itawakanika, akungomwa phala lamadzimadzi, m'khosi mutatuluka chotupa cholimba ngati mwala. Dokotala adangofunsa kuti, "Mudali kuti nthawi yonseyi?"

Ndawakumbukira sabata ino ndikuwerenga za microRNA, tizidutswa ta m'maselo timene timaletsa selo kupanga mapuloteni ena. Adatitulukira ndi Victor Ambros ndi Gary Ruvkun mu 1993, m'kanyongolotsi kosaposa milimita imodzi, ndipo mu 2024 adalandira nato mphotho ya Nobel. Pofika 2008 zidadziwika kuti timayenda m'magazi osawonongeka msanga. Apa ndiye padabadwira chiyembekezo: poti chotupa chimasintha kuchuluka kwa tizidutswati, mwina dontho la magazi likhoza kuulula khansa ya m'kamwa munthu asanayambe kumva ululu. Ku Taiwan adapeza kuti miR-31 imachuluka m'magazi a odwala khansayi, n'kutsika chotupa chikachotsedwa.

Nzeru n'zogometsa, sindikukana. Koma magazi ndi mboni yosalozera nyumba. Ina yotchuka, miR-21, imakweranso pa khansa ya m'mawere, ya m'mapapo ngakhale ya m'matumbo. Maselo ofiira akasweka potenga magazi, zotsatira zimasokonekera. Ndipo kafukufuku wambiri amayeza anthu odziwika kale kuti akudwala, osati amalume anga mwezi woyamba uja, akadaseka. Mpaka lero kuyeza kumeneku kukadali m'malabotale.

Chimandipweteka n'choti khansa ya m'kamwa siibisala ngati ya m'chiwindi. Ili poyera. Ku Kerala, m'dziko la India, kumene ambiri amatafuna fodya, adaphunzitsa alangizi a zaumoyo kuyenda khomo ndi khomo akusuzumira m'kamwa ndi nyali basi. Zotsatira zidatuluka mu 2005: pakati pa anthu a fodya ndi mowa, imfa zidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Alangiziwo ankafunafuna kabanga koyera kosachoka ukakapukuta, kabanga kofiira, chilonda chosapola. Kuno kwathu, komwe maphunziro a madokotala a mano adangoyamba mu 2019, alangizi tili nawo m'midzi, kachasu ndi fodya tili nazonso zambiri. Ndani amauza munthu kuti "yasamulani" ngati sadabwere ndi dzino?

Lamulungu lapitali ndidapempha apongozi anga, omwe amaika fodya wopera kuseri kwa mlomo, kuti ndiwawunike ndi tochi ya foni. Adandiyang'ana nthawi yaitali, nati mkamwini saona lilime la apongozi. Adawawunika ndi mwana wawo, ine ndili panja.