Bwezerani wailesi kwa eni ake

Sabata yatha ndinakwera minibasi pa Lirangwe kulowera ku Lunzu. Dalaivala atatsegula wailesi, tinayamba kumva mneneri akuitanira anthu ku msonkhano wa zozizwitsa. Atatha iye kunabwera sing'anga wobweza mkazi wothawa, kenaka andale awiri akulalatirana pa foni. Gogo wina amene anakhala pambali panga, atafungatira thumba la nandolo, anandikodola nati, "Mwanawe, kodi masewero aja anapita kuti?" Ndinasowa chowayankha, ndipo funsolo likundisowetsabe mtendere.

Wailesi inafika m'midzi yathu ino kuchokera ku Lusaka. Boma la atsamunda linatsegula nyumba youlutsira mawu kumeneko mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ndipo pambuyo pake inakhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a maiko atatu, kuphatikizapo Nyasaland. Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Azungu anali ndi yawo ku Salisbury. Vuto linali lakuti munthu wamba sakanakwanitsa kugula wailesi. Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, anakakamira mpaka kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special. Kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lake padera. Wailesi imodzi inkasonkhanitsa mudzi wonse pakhonde.

Sindikunena kuti atsamunda ankatikonda. Wailesiyo inkalalikira zofuna za boma, ndipo chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitabwera mu 1953 anthu ambiri anasiya kuikhulupirira. MBC itayamba mu 1964 nayonso inali pakamwa pa boma, ndipo mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Zimenezo ndi zilonda, sitingazibise. Koma anthu ogwira ntchito m'nyumba zimenezo ankadziwa chinthu chimodzi chimene ife tachitaya: womvera ndi munthu wanzeru, woyenera kumuphikira chakudya chenicheni. Alick Nkhata ndi anzake a ku Lusaka ankanyamula makina ojambulira mawu n'kupita kumidzi kukafuna oimba. Sankadikira kuti woimba abwere ndi kangachepe m'thumba.

Ine ndinakulira pa wailesi ya Nzeru, ija inkapangidwa konkuno. Mabatire akafooka, bambo ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti madzulo atipirire mpaka sewero la Kapalepale lithe. Sewero likayamba, mayi ankasiya kutsuka mbale, ana a kwa aneba n'kudzaza mphasa, ndipo wokhosomola ankamuyang'ana ndi diso lofiira. M'mawa mwake kuchitsime nkhani inali yomweyo: mwamuna uja analakwa kapena mkazi ndiye anaputa? Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, ndi Theatre of the Air kwa odziwa Chingerezi, anali bwalo la milandu la dziko lonse. Alembi ankaphunzira luso polemba masewero amenewa, ndipo nthawi zina ankazembetsa mawu amene sakanatheka kunenedwa poyera.

Lero nyumba zoulutsira mawu zachuluka, koma sewero lambiri timalimva pokhapokha bungwe lina litalipira kuti litiphunzitse kusamba m'manja kapena kugona m'masikito. Uthengawo ndi wabwino, sindikukana. Koma sewero lolembedwa motsatira ndondomeko ya wopereka ndalama limakhala ngati ndiwo zopanda mchere: mphindi ziwiri zoyamba wadziwa kale amene adzadwale ndi amene adzalape. Thandizo likatha, sewero nalo lafa.

Za nyimbo ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa ndikulemba ndili kufupi ndi Chileka. Ku Ulaya kuli mawailesi oimba Mozart ndi Beethoven tsiku lonse, anthu amene anamwalira zaka pafupifupi 200 kapena kuposerapo zapitazo, ndipo palibe amene amati n'zachikale. Ifenso tili nazo nyimbo zosakalamba. Kwa Singano kuno kunali Daniel ndi Donald Kachamba. Katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 ali anyamata, akuimba kwela ndi gitala, chitoliro ndi besi ya chingwe chimodzi, ndipo nyimbo zawo zinakafika m'masukulu aukachenjede kunja. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River anali a konkuno. Evison Matafale ndi Black Missionaries anaphuka pa chitsa chomwechi. Komatu funsani mnyamata wa kabaza pa Chileka kuti Daniel Kachamba ankaimba bwanji gitala. Si kulakwa kwake akapukusa mutu. Mwana sadziwa chimene sanamvepo, ndipo omumana ndi amene agwira makiyi a situdiyo.

Pali nkhani inanso ya mapempho a thandizo. Chaka chimene wailesi ya sefuliya inatuluka ndi chaka chomwe njala ya 1949 inasakaza midzi ya boma la Blantyre. Agogo athu ankayenda mitunda kukasuma, ena osabwerako, kulira kwawo osamveka kutali. Wailesi ndiyo inadzatipatsa pakamwa pofuulira. Tinaona mphamvu yake mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe: mawailesi analengeza za misasa, za osowa, za kokasiya ufa ndi zofunda. Pamenepo ndikuwavulira chipewa. Koma masiku wamba, wodwala amaikidwa pa maikolofoni kuti alire, nambala ya foni n'kuwerengedwa katatu, basi nkhani yathera pomwepo. Zinasonkhedwa zingati? Anachira kodi? Amene watumiza K2,000 yake ya ndiwo ali ndi ufulu womva mathero ake, ndipo wodwalayo si chokopera omvera.

Eni mawailesi adzati ndalama kulibe, nthawi iyenera kugulitsidwa kuti antchito alandire. Ndikumva. Koma pa maola 168 a sabata, kodi atatu okha angagwetse kampani? Ola limodzi likhale la sewero lolembedwa ndi Mmalawi popanda bungwe lomuuza zolemba, ndipo wolembayo alipidwe. Lina likhale la matepi akale a bangwe, kaligo, banjo ndi magitala a Chileka, wolengeza atchule woimba, mudzi wake ndi chaka. Lachitatu likhale la mapempho aulere, lotsatiridwa ndi lipoti la ndalama iliyonse. A MACRA, amene amapereka ziphaso, aike zimenezi m'malamulo a chiphaso, pakuti mafunde a mumlengalenga ndi chuma cha tonse ngati nyanja.

Gogo uja anatsikira pa Matindi. Kondakitala akumutsitsira thumba, wailesi inali itayambanso kuwerenga nambala ya sing'anga uja.