Early Decision: mzere wa olemera umene akutigulitsa ngati chinsinsi

Atsikana anzanga, Okutobala wafika ndipo ogulitsa maloto adzuka. Pa WhatsApp, pa TikTok, pa Facebook, nyimbo ndi imodzi: eti ngati ukufuna kukaphunzira bizinesi ku America, chinsinsi ndi Early Decision, ungolowa ku inbox akuthandize. Ukalowa ku inbox, choyamba kukupatsa ndi nambala yotumizirapo ndalama. Palibe chinsinsi apa. Zonse zinalembedwa poyera pa masamba a mayunivesite eni ake, ndipo kwa mtsikana amene makolo ake alibe madola, njira imeneyi ili ndi minga imene ogulitsawo satchula dala.

Mayunivesite ambiri a ku America amalandira mafomu kawiri. Nthawi ya aliyense ndi kumayambiriro kwa Januwale, mayankho n'kubwera cha kumapeto kwa Malichi. Koma pali khomo lina lotseguka msanga. Ku University of Pennsylvania, komwe kuli sukulu ya bizinesi ya Wharton, tsiku lomaliza ndi 1 Novembala ndipo yankho limabwera pakati pa Disembala. Ku Stern ya New York University ndi 1 Novembala, mwayi wachiwiri 1 Januwale. Kukoma kwake n'koti umadziwa msanga. Mtengo wake ndi uwu: umasaina pangano loti akakutenga upita kumeneko basi, ndipo mafomu onse amene unatumiza kwina uwachotsa. Early Decision umaloledwa kuchita ku sukulu imodzi yokha. Panganolo amasaina anthu atatu: iwe, kholo lako ndi mlangizi wa kusukulu kwako.

Tsono funsani, amapindula ndani? Yunivesite imakonda wophunzira amene wamangidwa kale, chifukwa sathawira kwina ndipo sangabwere n'kunena kuti sukulu ina yandipatsa thandizo lochuluka, wonjezerani. Penn imadzaza pafupifupi theka la kalasi ya chaka choyamba kudzera pa khomo limeneli, ndiye pofika Januwale chikhamu chonse chimalimbirana theka lotsalalo. Mu 2003 akatswiri atatu, Christopher Avery, Andrew Fairbanks ndi Richard Zeckhauser, anatulutsa buku lotchedwa The Early Admissions Game. Anapeza kuti kutumiza fomu msanga kumakweza mwayi wa munthu ngati wawonjezeredwa mapointi pafupifupi 100 pa mayeso a SAT. Mapointi 100 ongopatsidwa chifukwa wakwanitsa kulonjeza usanaone mtengo. Nanga amene angalonjeze asanaone mtengo ndani? Ndi mwana amene bambo ake safunsa mtengo akalowa m'sitolo.

Eni ake akudziwa zimenezi. Mu 2006 Harvard inalengeza kuti ikusiya kulandira mafomu msanga, ndipo chifukwa inanena yokha: dongosololi limakondera amene ali kale ndi mwayi. Princeton inachitanso chimodzimodzi. Anzawo ambiri sanawatsatire, ndiye mu 2011 onse awiri anabwezeretsa khomo lamsanga, ngakhale lawolo silimanga munthu. Anavomereza kuti n'kukondera, kenako anaona kuti chilungamo chikuwaluzitsa, n'kubwerera.

Tikambe za ndalama, asisi, popanda manyazi. Chaka chimodzi ku Penn, kuphatikiza fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku, chimapitirira madola 90,000. Pa mtengo wa kubanki ndi ndalama zoposa K150 miliyoni. Pa chaka, ndipo digiri ndi zaka zinayi. N'zoona kuti Penn ikakutenga imalonjeza kukwaniritsa zonse zimene yawerengera kuti ukusowa. Koma pali mawu ang'onoang'ono amene ogulitsa maloto amalumpha: kwa amene si nzika za America, Canada kapena Mexico, kusowa kwako kwa ndalama kumawerengedwa nawo posankha. Ukapempha thandizo lonse, ukulimbirana thumba laling'ono ndi ana anzeru a dziko lonse lapansi. Ndiye akakuonetsa manambala oti a Early Decision amatengedwa ambiri, kumbukira kuti m'manambalawo muli amasewera amene makochi anawasankha kale, ana a anthu amene anaphunzira pomwepo, ndi olipira okha. Chikomekome cha mkuyu.

Ena ati, komatu thandizo likapanda kukwana umaloledwa kuchoka m'panganomo. Eya, n'zoona. Koma kukwanako amawerengera ndi iwowo, kuchokera pa mafomu a chuma cha banja lanu, ndipo iwe ulibe kalata ya sukulu ina yoti uyerekeze nayo. Yankho lafika pakati pa Disembala, masukulu atsekera, aphunzitsi apita kumudzi, tsiku lomaliza la masukulu ena latsala masabata awiri kapena atatu. Ngati mtima wako wonse unali pa fomu imodzi, chaka chapita.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatipweteka ife akazi kuposa alongo athu. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pofika 1 Novembala amene wakonzeka ndani? Pamafunika nkhani zolemba wekha zofotokoza moyo wako, makalata a aphunzitsi, zotsatira za kusukulu, madola 75 a fomu, komanso SAT, imene Penn inayambanso kufuna ndipo kwa ife akunja imadya madola oposa 100. Mnyamata akamaliza Fomu 4 amapatsidwa nthawi yoti aganize za tsogolo. Mtsikana amapatsidwa chikolopa, poto ndi mwana wa achemwali ake. Laputopu ya pakhomo imagona kuchipinda kwa mnyamata, iwe ukulemba nkhani ya moyo wako pafoni usiku, mbale utatsuka, magetsi atazima, bandulo ikutha. Tsiku lomaliza likafupikitsidwa ndi miyezi iwiri, woyamba kugwa ndi amene nthawi yake inagawidwa kale kwa anthu ena.

Ndiye pali masiginecha aja. Kholo liyenera kusaina, ndipo popempha thandizo liyenera kuulula zimene limapeza. Tonse tikuwadziwa azibambo amene malipiro awo sauza ngakhale amayi athu, amene amati mwana wamkazi akapita kunja akalowerera, koma wamwamuna akanena zomwezo amagulitsa puloti. Mlangizi wa kusukulu ayeneranso kusaina. Ku masukulu odula kuli munthu wolembedwa ntchito imeneyi yokha, amene amadziwa Common App ngati chikhatho chake. Ku CDSS kuli ahedi amene ali ndi makalasi awoawo, ndipo mwina fomu yotereyi sanaionepo. Vuto si lawo, koma wolipira ndi mwana.

Palinso zimene timangonong'onezana. Mtsikana amene akufuna kalata mwamsanga ali m'manja mwa wolemba kalatayo. Alipo aphunzitsi aamuna amene amati ubwere kunyumba madzulo udzatenge. Alipo azibambo a khadi ya madola amene amati ndikulipirira, koma tikumane kaye. Pamene madola akusowa m'mabanki ndipo tsiku likuyandikira, anthu oterewa mphamvu zawo zimakula. Amene akukuuza kuti fulumira, fulumira, osakuuza kumene madolawo achokere mwaukhondo, akukukankhira kwa afisi.

Ndikudziwa kuti wina alemba m'munsimu kuti mukuwagwetsa ulesi atsikana, asiyeni alote. Ayi ndithu. Wharton inakhazikitsidwa mu 1881, akazi anayamba kuloledwa pa digiri yoyamba mu 1954, ndipo mkazi woyamba kuitsogolera, Erika James, anayamba ntchito mu 2020, patatha zaka 139. M'zipinda zimene amaphunzitsa za ndalama tinatsekeredwa kunja nthawi yaitali, ndipo tiyenera kulowamo ambiri. Koma mtsikana amene akufuna kuphunzira bizinesi ayambe ndi phunziro loyamba la bizinesi: susaina pangano usanaone manambala. Wokuuza kuti ungokhulupirira n'kusaina akukuphunzitsa kukhala kasitomala wopusa, ndipo iye wadya kale zake.

Choti muchite chilipo. Siyanitsani Early Decision ndi Early Action. Yachiwiriyi umatumizanso msanga, yankho umalandira msanga, koma sumangidwa, umakhala ndi mpata mpaka 1 Meyi kuti usankhe. MIT, komwe kuli sukulu ya Sloan, ili ndi Early Action ndipo siyang'ana thumba la munthu posankha, kaya ndi wa dziko liti. Notre Dame, komwe kuli Mendoza College of Business, nayonso simanga munthu ngakhale ili ndi malamulo ake a komwe ungatumizenso fomu, ndipo kuyambira 2025 inasiya kuyang'ana thumba la ophunzira akunja. Kulowa kumeneko n'kovuta zedi, koma umphawi wako suwerengedwa ngati mlandu. Ndalama ya fomu mukhoza kupempha kuti akukhululukireni kudzera pa Common App pomwepo, ndipo palibe chochititsa manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. EducationUSA ku Lilongwe imapereka uphungu waulere, womwewo umene ena akukugulitsani. Funsaninso za malamulo a visa musanawononge kobiri, chifukwa amasinthasintha.

Ngati mwawerenga zonse, makolo aona manambala, mafomu a masukulu ena mwakonzeratu Disembala asanafike, ndipo mtima wanu udakali pa sukulu imodziyo, sainani Early Decision maso ali gwa. Ndi ufulu wanu. Koma musaiwale kuti America si dziko lonse. Ashesi University ku Ghana imaphunzitsa bizinesi ndipo ili m'gulu la masukulu amene Mastercard Foundation imalipirirako ophunzira. Konkuno kuli MUBAS ku Blantyre, ndipo fomu ya NCHE isakudutseni chifukwa maso ali ku Philadelphia.

Azibambo, ngati mungasainire mwana wamwamuna, sainiraninso wamkazi, ndipo khalani naye pansi mumuuze zoona za chuma cha pakhomo. Ahedi ndi aphunzitsi, kalata ya mwana iperekedwe ku ofesi, masana, pali anthu, ndipo ikhale yaulere. Inu ogulitsa uphungu, musanalandire ndalama ya mtsikana muuzeni kuti panganoli ndi lomanga komanso kuti kupempha thandizo kumachepetsa mwayi wake ku masukulu ambiri. Mukabisa zimenezi ndinu akuba, ngakhale mutavala suti.

Ndipo ife amene tinadutsa ku koleji, tisamangoika zithunzi za gauni. Aliyense atenge mtsikana mmodzi wa m'dera lake mwezi uno, amubwereke laputopu Loweruka, amuwerengere nkhani yake, amuperekeze kukatenga kalata kusukulu. Ana a olemera ali ndi alangizi olipidwa, ife tili ndi wina ndi mnzake. Tumizani uthengawu kwa mng'ono wanu asanatumize ndalama ku inbox ya munthu.