Khoswe wa padenga ndi malovu a m'kabotolo

Akale adati khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Wina achita phokoso pamwamba, mwini nyumba ayamba kusaka, ndipo wogwidwa nkukhala uja amadzidyera phee kudzala. Mwambiwu umandibwerera ndikamva za makampani a ku America oyeza DNA ya anthu wamba, monga 23andMe ndi AncestryDNA. Munthu amalipira, kulavulira malovu m'kabotolo, n'kutumiza pa positi. Pakapita milungu ingapo amamuuza kumene makolo ake adachokera, matenda ena amene angadzamugwire, ndi abale amene sankawadziwa.

Wolavulayo amadina batani pa kompyuta kuti wavomera, ndipo lamulo limakhutira. Koma m'malovumo muli theka la mayi ake, theka la bambo ake, gawo la mlongo wake, la mwana wake, mpaka la msuweni amene sadaonanepo naye. Ndani adawafunsa onsewa?

Mu Epulo 2018 apolisi a ku California adagwira Joseph James DeAngelo, yemwe adapha ndi kugwirira anthu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Iyeyo sadayezetse. Abale ake a kutali ndiwo adaika zotsatira zawo pa webusaiti ya GEDmatch, apolisi n'kulondola mtundu wonse mpaka pakhomo pake. Chigawenga sindingachilire ine. Chondidetsa nkhawa n'chakuti njirayo sisankha woyendamo. Mu 2023 akuba a pa intaneti adalowa m'maakaunti pafupifupi 14,000 a 23andMe ndi mapasiwedi obedwa kwina. Chifukwa kampaniyo imalumikiza munthu ndi abale ake, adakokolola mbiri za anthu pafupifupi 6.9 miliyoni. Makoswe a padenga adali ochepa, a padzala ndiwo adadzaza nkhokwe.

Nanga malamulo ali kuti? Ku America lamulo la HIPAA la 1996, limene limateteza zinsinsi za odwala, limamanga zipatala, madokotala ndi a inshuwalansi ya zaumoyo; kampani yogulitsa kabotolo siiwerengera. La GINA la 2008 limaletsa mabwana ndi a inshuwalansi ya zaumoyo kusala munthu chifukwa cha DNA yake, koma a inshuwalansi ya moyo lidawasiya panja. Madera ena adadzipangira awo, monga California imene lake lidayamba kugwira ntchito mu 2022. Choncho chitetezo cha munthu chimadalira kumene amagona.

Agogo athu akameta tsitsi kapena kuwenga zikhadabo sankazisiya poyera, poopa kuti wina angazitole n'kuchita nazo zake. Tinkawaseka. Lero anthu ophunzira akulipira okha kuti apereke zoposa tsitsi, ndipo wotolayo ndi wamalonda. Mu 2018 kampani ya mankhwala ya GlaxoSmithKline idaika madola 300 miliyoni mu 23andMe kuti zigwirizane pa kafukufuku wogwiritsa ntchito DNA ya makasitomala amene adavomera. Mu Malichi 2025 23andMe idagwa pa chuma n'kupita kukhoti, ndipo DNA ya anthu pafupifupi 15 miliyoni idakhala pamndandanda wa katundu wogulitsa, limodzi ndi zina zonse za kampaniyo. Kampani ina, Regeneron, idatchula madola 256 miliyoni; bungwe la Anne Wojcicki, mmodzi mwa oyambitsa kampaniyo, lidapambana ndi 305 miliyoni. Mwayi chabe kuti wogula sadali mlendo. Lamulo la dziko lonselo loletsa mlendoyo padalibe.

Ku Britain ofesi yoteteza zinsinsi za anthu idalipiritsa kampaniyo mapaundi 2.31 miliyoni chaka chomwecho chifukwa cha kuba kuja. Pepani sapoletsa chilonda. Pasiwedi ikabedwa umasintha, khadi la kubanki amakupatsa lina, koma DNA ndi yomweyo mpaka kumanda, ndipo ipitirira mwa adzukulu. Paja chibale ndi fupa, sichiwola.

Ine ndikuona kuti opanga malamulo adalakwitsa poyambira: akuiona DNA ngati chuma cha munthu mmodzi, pamene ndi cha mtundu. Zinthu za mtundu sagulitsa mphwake yekha popanda malume kudziwa. Lamulo loyenera likadaletsa kugulitsa DNA kampani ikagwa kufikira mwini wake atavomeranso, likadafuna chilolezo cha khoti apolisi asanasuzumire, ndipo likadatseka khomo la a inshuwalansi ya moyo.

Pamene 23andMe idali pafupi kugwa, loya wamkulu wa boma la California, Rob Bonta, adakumbutsa makasitomala kuti ali ndi ufulu wofufuta mbiri zawo ndi kulamula kuti malovu awo atayidwe. Ambiri adathamangira kutero. Msuweni uja, amene sadalavulepo, alibe akaunti, alibe batani loti adine.