Tiwalole ana aone Achernar mvula isanayambe

Makolo, akomiti ya mzikiti ndi inu ophunzira.

Tikupempha akomiti chilolezo choti madzulo amodzi mwezi uno wa Okutobala, ikatha swala ya Isha, tituluke ndi ana a Fomu 3 kukayang'ana kumwamba. Ambiri akufuna kusiya Physics, ati ndi phunziro la ana a m'tauni. Ife tikukana. Kuno ku Chisi kulibe magetsi ophimba nyenyezi ngati ku Zomba.

Chakumwera kuli nyenyezi yowala yotchedwa Achernar. Mwana wa kumadrasa aimva msanga, pakuti dzinali ndi Chiarabu, "akhir an-nahr", kumathero kwa mtsinje. Imalemera kuposa dzuwa pafupifupi ka 6. Dzuwa limatenga masiku ngati 25 kuti lizungulire kamodzi, koma iyo masiku awiri okha, ndipo liwiro limeneli laifutukula m'chiuno mpaka yaphwatalala ngati dzungu. Akatswiri anayeza zimenezi ku Chile, n'kulengeza mu 2003.

Chimene chimatikoka mtima ndi za m'kati. Pakatikati pa nyenyezi yaikulu, hydrogen amasanduka helium, ndipo ndiye nkhuni zake. Ikamazungulira pang'onopang'ono imangodya nkhuni zapakati zokhazo. Ikathamanga, kuzungulirako kumatakasa m'kati: hydrogen watsopano amatsikira pakati, moyo wa nyenyezi n'kutalika, pomwe nitrogen wopangidwa pansi amakwera pamwamba, akatswiri n'kumuzindikira m'kuwala kwake. Mwana wa msodzi safuna kumufotokozera kawiri. Amadziwa kuti mwera ukaomba pa Chilwa, matope apansi amakwera, madzi n'kuda.

Komatu nkhaniyi sinathe. Mu 2008, poyeza nyenyezi za mu Large Magellanic Cloud, kamtambo kotuwa kamene timakaona ndi maso kumwera komweko, anapeza zina zothamanga koma zopanda nitrogen wambiri pamwamba, zina zochedwa koma zodzaza naye. Akuluakulu a sayansi akukanganabe. Ana athu amve kuti mabuku sanatseke mafunso onse.

Nkhawa ya makolo pa atsikana usiku ndi yoona, sitikuipeputsa. Tidzakhala pabwalo la sukulu, aphunzitsi aakazi alipo, ndipo mayi kapena bambo aliyense abwere adzatenge mwana wake, aonenso nawo. Sitikupempha ndalama ngakhale tambala. Chofunika n'chakuti akomiti ayankhe msanga, chifukwa mitambo ya Novembala ikabwera tidzangoyang'ana mdima.