Mpamba usapite ku masheya a mafuta osakumbidwa

Akuluakulu a pamsewu ndi amayi a geni, nkhani ya masheya a makampani ofufuza mafuta ndi gasi yabweranso m'gulu muno. Ena akuti tigule pano mitengo yagwa, chitsime chikangolavula tidzasiya kugona pa Beitbridge. Ife tikuti mpamba usapite kumeneko.

Tione za ku Muzarabani, kumpoto kwa Zimbabwe, poti ndi zimene zikutchulidwa kwambiri. Kampani ya ku Australia ya Invictus Energy inayamba kuboola chitsime cha Mukuyu-1 mu Seputembala 2022. Zizindikiro za gasi zinaoneka, koma zipangizo zinavuta m'dzenje momwemo ndipo analephera kutulutsa sampulo. Popanda sampulo, sakanalengeza kuti apeza kanthu. Pofika Januwale 2023 masheya anagwa kwambiri. Anaboola china, Mukuyu-2, ndipo mu Disembala 2023 analengeza kuti gasi wapezeka. Mungaganize kuti ogula analemera. Ayi ndithu, mu 2024 mtengo unatsikabe.

Chifukwa chake n'chosavuta. Kampani yofufuza ilibe chogulitsa, ilibe kasitomala ngakhale mmodzi, pomwe chitsime chimodzi chimadya madola mamiliyoni ambiri. Ndalama zikatha imatulutsa masheya atsopano, kawirikawiri pamtengo wotsikirapo. Zili ngati anthu anayi mwasonkha kugula thiraki, giyabokosi yafa pa Tete, n'kuitana ena anayi kuti asonkhe yokonzera. Thiraki ndi yomweyo, koma gawo lanu latsika ndi theka. Komanso thirakiyo sinanyamulepo katundu chigulireni, ndipo palibe amene angalumbire kuti idzafika pa Mwanza.

Ngakhale gasi apezeke, ndalama imachedwa. Ku Mozambique, gasi wa ku Rovuma anapezeka mu 2010, koma sitima yoyamba yopita naye kunja inanyamuka mu Novembala 2022. TotalEnergies inaimitsa ntchito yake kumeneko mu 2021 zigawenga zitaukira Palma. Ku Namibia, Shell inapeza mafuta m'nyanja mu 2022, koma mu Januwale 2025 inavomera kuti madola pafupifupi 400 miliyoni alowa m'madzi chifukwa mafutawo ndi ovuta kuwatulutsa m'miyala. Shell ikhoza kupirira, ili ndi zitsime zina zimene zikupopa tsiku ndi tsiku. Kakampani ka chitsime chimodzi kangapirire bwanji? Za pa nyanja ya Malawi tisanene n'komwe. Ziphaso zinaperekedwa mu 2011, mpaka lero dizilo tikumutengabe ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam.

Ndalama yathu ife imadya poyenda. Tapikula ku Joni, talipira msonkho pa boda, tagulitsa, tabwereranso. Ikazungulira kawiri pamwezi ana apita kusukulu. Kuiika m'dzenje la makilomita atatu n'kumadikira uthenga wochokera ku Australia si geni, ndi juga yovala tayi.

Amene amadya ndithu pa zitsime zimenezi ndi onyamula mapaipi, simenti ndi dizilo, ogulitsa majombo ndi maovolosi, ophikira antchito. Chitsime chikhale chouma kapena chonyowa, katundu anyamulidwa basi. Mwayi wathu uli pamenepo, bola mgwirizano wa malipiro ulembedwe thiraki isanalire.

Ngati mtima ukukuyabwanibe, ikani ndalama imene itatayika simungasowe nayo tulo. Ya katapila ayi, ya banki m'khonde ayi, ya fizi ayi. Musanagule, funsani kuti kampaniyo yatsala ndi ndalama zingati, nanga chitsime chotsatira adzalipira ndani. Mugule kudzera mwa broker wovomerezeka. Masheya a Invictus ali pa msika wa ku Australia, ndipo kuyambira 2024 akupezekanso pa Victoria Falls Stock Exchange. Uja wa pa WhatsApp wonena kuti mutumize ndalama pa nambala yake kuti akusungireni masheya, mubulokeni lero lomwe.